Ndinawabweretsera Mkamwini Wawo pa Takisi

Tinagonja, ndipo munthu amene anatigonjetsa ndinabwera naye ndine, pa takisi imene ndinaimitsa ndine, iye ali pampando wakutsogolo, ine kumbuyo nditafungatira chikwama cha nsapato zake. Zigoli sinditchula. Ndinagwirapo ntchito ya utolankhani ku Blantyre, ndipo ndikudziwa kuti nkhani ya mpira yopanda zigoli ndi yolumala, koma pali manambala ena amene munthu amapita nawo kumanda.

Ndiyambe ndi mmene zinthu zilili kuno. Amalawi ndi Azambia ku Dubai ndife ochepa, ndipo ambiri timadziwana. Chilankhulo ndi chimodzi, timapemphera limodzi, uthenga wa maliro ukabwera kuchokera kumudzi timakhala pamphasa imodzi. Koma kutentha kukachepa, Lachisanu lina masana, pa tsiku lathu lopuma, timakumana pa bwalo la mchenga ku Al Nahda, kuseri kwa nyumba zosanja zakumalire ndi Sharjah, n'kusewera mpira: Malawi uku, Zambia uko. Tsiku limenelo ubale umayamba wadikira kunja kwa bwalo.

Lamulo la masewerowa ndi lakuti kochi wa timu yogonja amachapa majezi a matimu onse awiri, ndi manja, n'kuwayanika pakhonde pake. Kochi wa Malawi ndinali ine. Khonde langa ku Karama linayang'ana msewu umene aliyense amadutsa akamakagula makadi oimbira foni kumudzi, ndipo chiloŵereni zaka za m'ma 2000 zino, majezi obiriwira a Zambia akhala akuuma pamenepo chaka ndi chaka. Mwenye wogulitsa makadiwo anafika poganiza kuti ndili ndi bizinesi yochapa.

A Kamwendo, amene ndi wapampando wa gulu lathu la Amalawi komanso wamkulu pa tonse, anandiitanira pambali tikutuluka m'tchalitchi.

"Akochi," anatero, "ulendo uno mukachapanso, mpando wa ukochi tipereka kwa Mhango."

Mhango ndi akauntanti amene ndimagona naye chipinda chimodzi. Ndi munthu wabwino, koma mpaka lero amakhulupirira kuti ofusaidi ndi maganizo chabe a woyimbira mpira. Kuchotsedwa pampando ndikanapirira. Kuchotsedwa kuti akhalepo Mhango, n'kumadzuka m'mawa uliwonse ndikuona nkhope ya kochi watsopano pabedi lina, chimenecho ndiye chinandisoŵetsa mtendere.

Ndiye tsiku lina ndili m'golosale ku Satwa, ndikukangana ndi Mhangoyo pa foni za amene wamaliza shuga. Nditadula foni, mawu anamveka kumbuyo kwanga.

"Muli bwanji, mulamu?"

Kutembenuka, mzungu. Wamfupi, dazi lowala, kamimba kongoyamba kumene, kabudula wofika m'mawondo. Tsopano, munthu wanzeru akapatsidwa moni wachinyanja ndi mzungu pakati pa Dubai, n'kutchedwanso mlamu, funso loyamba limadziŵika. Ine sindinalifunse. Maso anga anali atatsikira kumiyendo: matewe aja, chipsera chachitali pa bondo lamanzere, ndi phazi lamanja litapondera pa katoni ya madzi monga munthu woimitsa mpira. Chithunzi cha miyendo imeneyo ndinali nditachidula ndi lumo kambirimbiri nthawi imene ndinkalemba tsamba la mpira wakunja.

Dzina lake lenileni ndilisunga, chifukwa sanandilakwire. Anzake amamutcha Tonino. Mbiri yake ndiipereka mwachidule, monga tinkachitira pansi pa tsamba. Anabadwira m'katauni ka asodzi kummwera kwa Italy, bambo ake wophika buledi. Anayambira m'maligi apansi, kumene mabwalo ake ndi fumbi ngati athu, n'kukwera ndi timu yaing'ono kufika mu ligi yaikulu. Malo ake anali kutsogolo chakumanja, m'mphepete mwa mzere, nambala seveni. Nyengo imodzi anawala kwambiri moti timu yolemera yakumpoto inamugula, n'kumukhazika pabenchi kuti azionera anzake. Kenako bondo linathyoka. Atachira anabwereketsedwa uku ndi uku, n'kudzamalizira mpira wake kuno ku maiko a Aluya, kumene osewera otopa amabwera kudzaotha dzuŵa. Pano amaphunzitsa mpira ana a anthu olemera.

Njomba yake inali imodzi, ndipo sanaisinthepo. Amaimitsa mpira, n'kuyang'ana pansi ngati munthu wagwetsa batani la malaya. Amatsitsa phewa lamanzere ngati aloŵa mkati. Wotchinga akatsatira phewalo, iye wadutsa kale kumanja, m'mbali mwa mzere. Aliyense ku Italy ankaidziwa, ndipo aliyense ankaidya.

Zonsezi ndinamuuza pomwepo, pakati pa mashelefu, m'Chingelezi changa cha m'nyuzipepala, iye akuyankha m'chake chothyokathyoka. Anaseka mpaka kugwira kamimba kaja. Anati chibwerereni kuno palibe amene anamuzindikirapo ndi miyendo.

Tinayamba kukumana pa kamalo kena ka tiyi. Iye amamwa khofi wakuda m'kapu yonga chipande cha botolo, ine tiyi wamkaka wa Amwenye. Pamacheza onsewo wolankhula ndinali ine, ndipo mutu unali umodzi: iyeyo. Ndinamukumbutsa zigoli zimene anaiŵala. Tsiku lina ndinamutsutsa kuti chigoli china anachinya ndi mwendo wamanja osati ndi mutu, ndipo ataganiza anavomera kuti ndikunena zoona (tsiku limenelo ndinagona ngati khanda). Njomba ija ndinamufotokozera kangapo, ndikugwiritsa ntchito mabotolo a mchere ndi tsabola, kuti amvetse bwino mmene ankaichitira.

Kenako ndinapempha chimene ndinkafuna.

"Lachisanu lina tili ndi mpira. Wamchenga chabe. Ungatiseŵerereko?"

"Timu ya anthu olankhula ngati iwe?" anafunsa.

"Omwewo."

"Ndibwera, mulamu. Mkazi wanga asangalala kwambiri."

(Bwerezaninso mawu amenewo. Inu mwawamva. Ine sindinawamve.) Anafika potulutsa kachikwama ka m'thumba kuti andionetse chithunzi. Ndikukumbukira kuti ndinakankhira dzanja lake pambali mwaulemu, n'kumufunsa ngati bondo lingapirire mchenga.

Chotsala chinali malamulo, poti Tonino si Mmalawi. Ndinapita kwa a Tembo, injiniya wa ku Chipata amene ndi kaputeni wa Zambia, ndi pempho lakuti timu iliyonse iloledwe mlendo mmodzi. Ndinakonzekera mkangano wautali. A Tembo anangondiyang'ana, akusisita chibwano.

"Palibe vuto, ba kochi. Tichite so: munthu wamene ali na chibale, aseŵere kwamene kuli chibale chake. Wamene alibe chibale ni mulendo, aseŵere kwa wamene amuitana. Mwaiona bwanji?"

Ndinaiona bwino kwambiri. Ndinagwira dzanja lawo ndi manja aŵiri, pamaso pa a Kamwendo monga mboni, ndipo potuluka ndinawamvera chisoni.

Kuyambira pamenepo sindinagwirike. Aliyense ndinamuuza kuti Malawi ili ndi chida chobisika. Chisomo, namwino wathu amene amatsogolera nyimbo za ochemerera, anandifunsa kuti chidacho n'chiyani, ndipo ndinamuuza kuti angopeka nyimbo yokhala ndi mawu akuti seveni. Mhango ndinamulangiza kuti asavutike kugula wezulo. Ndinapita kwa telala ku Satwa kukasoketsa jezi yofiira, yaikulu bwino kuti kamimba kakwane, nambala seveni kumsana. Nsalu itatsalako, telalayo anati andisokere ine kabudula waulere. Nditamuyesa ndinaona kuti akuthina m'ntchafu.

"Akwana, bwana," anatero telala. "Nsalu imatamuka, inshallah."

Pandandanda wa osewera ndinadziika ndekha kumbuyo chakumanzere. Maganizo anga anali akuti mpira udzakhalira kutsogolo kwa Tonino, ine ndidzangoima kumbuyo, manja m'chiuno, ndikulamula ngati kochi weniweni, osatuluka ngakhale thukuta.

Lachisanu linafika. Ndinakamutenga pa takisi, ndinamutsegulira chitseko, ndinamunyamulira chikwama. Titafika ku Al Nahda anthu anali atadzaza kale, amayi pamphasa ndi mabokosi a zoziziritsa kukhosi, Amalawi mbali iyi, Azambia mbali iyo. Tonino atatsika n'kuyamba kumenya mpira m'mwamba, phazi, bondo, phewa, dazi, phazi, bwalo lonse linati zii. Kenako mbali yathu inaphulika. Chisomo anayambitsa nyimbo ya seveni. A Kamwendo anandigwira paphewa n'kunena mawu amene sindidzawaiŵala: "Akochi, ndinakulakwirani."

Ulemerero wanga unatha nthawi imene munthu angamwe kapu ya tiyi.

Pakati pa amayi a ku Zambia panadzuka mayi wamtali, atavala chitenje chobiriwira, n'kuitana.

"Tonino! Wadya?"

"Nadya, amore!"

Anasiya mpira, n'kuwoloka bwalo lonse. Anafika pamene anakhala a Tembo ndi akuluakulu ena a ku Zambia, n'kunjuta pansi, bondo lopweteka lija ndi linzake, akuomba m'manja mwaulemu ngati munthu woleredwa ku Katete. A Tembo analandira moniwo mosafulumira. Kenako anapisa dzanja m'chikwama chawo n'kutulutsa jezi yobiriwira, yosita bwino, nambala seveni.

Ndinathamanga, jezi yofiira ili m'manja.

"A Tembo, n'chiyani chimenechi? Ameneyu ndi mlendo wanga!"

"Mulendo? Ba kochi, uyu ni mkamwini wathu. Aba ni ba Misozi, bakazi bake, bagwira nchito mu ndeke. Anakwatira ku Katete uyu. Pa ukwati ine ninali nkhoswe."

"Nanga bwanji simunamuseŵeretsepo zaka zonsezi?"

"Tenze kumvela nsoni. Munthu mukulu so, kumupempha kuti athamange pa muchenga? Manje imwe mwamupempha, mwamuleta na pa takisi. Zikomo maningi."

Tonino ankayang'ana uku ndi uku, osamvetsa kuti vuto lili pati. Kwa iye, anthu onse olankhula ngati mkazi wake anali akuchikazi. Sankadziwa kuti pakati pa Mchinji ndi Chipata pali malire, ndipo kuti malirewo tsiku limenelo anadutsa pakati pa bwalo.

Mlandu unapita kwa a Kamwendo, monga mboni ya pangano lija. Ndinaulankhula bwino. Ndinati ndinamupeza ndine, ndinamwa naye tiyi ndine, mbiri yake ndimaidziwa kuposa mwiniwake. Mhango, kuti aoneke kuti ali kumbali yanga, anakweza dzanja.

"Kwathu kumpoto timalowola. Mkazi ndiye amapita kwa mwamuna."

"Ndiye kuti mayiŵa aseŵerere Italy," anayankha a Kamwendo. "Sizikutithandiza. Khala pansi, Mhango."

Anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali. Ndinaona kuti mtima ukuwaŵaŵa.

"Ine ndine mkamwini ku Dedza," anatero. "Munda umene ndinalima ndi wa kwa mkazi wanga. Denga limene ndinafolera ndi la apongozi. Ndikanena lero kuti mkamwini amagwira ntchito kumene waitanidwa ndi anzake a tiyi, ndikafika bwanji kumudzi? Mkamwini amalima kumene anakwatira. Akakhala wa mpira, amathamanga kumene anakwatira. Khalas, nkhani yatha."

Nthungululu za ku Zambia zinamveka mpaka ku Sharjah. Nyimbo ya seveni anaitenga momwemo, osasintha ngakhale liwu limodzi, poti chilankhulo ndi chimodzi. Chisomo anandiyang'ana ndi maso amene amayang'anira odwala othaŵa jakisoni.

Amene amadziwa mpira aona kale tsoka lachiŵiri. Woseŵera kutsogolo chakumanja amakumana ndi wotchinga kumbuyo chakumanzere. Ndinayang'ana anzanga kuti wina tisinthane malo, koma onse mwadzidzidzi anali otanganidwa kumanga zingwe za nsapato.

"Akochi, si inu mumamudziwa?" anatero Mhango. "Yalla, kamugwireni."

Ndinadzilimbitsa mtima ndi mfundo. Munthuyu ndi wamkulu, ali ndi kamimba, bondo ndi losoka. Njomba ali nayo imodzi, ndipo m'chigawo chonse cha Aluya palibe woidziwa kuposa ine.

Mpira woyamba unamupeza. Anauimitsa. Anayang'ana pansi kufuna batani lija. Mutu wanga unati, apita kumanja. Ndinanena ngakhale mokweza, "Apita kumanja!" Anatsitsa phewa lamanzere, ndipo miyendo yanga, imene sinaŵerengepo nyuzipepala, inatsatira phewalo. Nditatembenuka, mpira unali kale pamutu pa a Tembo, ndipo kuchoka pamenepo unaloŵa.

Wachiŵiri ndinaganiza zotanula miyendo kuti nditseke njira zonse ziŵiri. Anaudutsitsa pakati. Anandipepesa akudutsa, "Scusa, mulamu," ndipo ulemuwo unaŵaŵa kuposa njombayo.

Zinapitirira choncho. Ndinagwa chagada, ndinagwa chafufumimba, kamodzi ndinagwa iye asanachite chilichonse, atangokanda mphuno. Mchenga unaloŵa m'malo amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Koma ndinene chilungamo monga mtolankhani: sindinaonepo chinthu chokongola chotere chapafupi. Ndinali nditalemba za njomba imeneyi zaka zambiri kuchokera m'mauthenga a pa makina ndi zithunzi zosaoneka bwino, ndipo tsopano ndinali ndi mpando wabwino kuposa wina aliyense, pansi penipeni, kuyang'ana m'mwamba. Nthawi ina ndinadzipeza ndikuomba m'manja ndili chigonere. Goloboyi wathu anandinena mawu amene sangalembedwe.

Chigawo chachiŵiri chili pafupi kutha, ndinapanga chisankho. Ndinaletsa maso kulamulira miyendo. Ndinati phewa lichite zimene likufuna, ine ndikamudikira kumanja, pamzere, pamene wakhala akudutsa moyo wake wonse. Mpira unafika. Anauimitsa. Batani. Phewa. Ndinadziponya kumzere ndi mphamvu zanga zonse, mwendo utatambasuka ngati wa mbalame ya m'dambo.

Anapita kumanzere.

Thupi langa lakumtunda linafuna kubwerera, lakumunsi linali kale paulendo. Miyendo inagaŵana, wina kummaŵa wina kumadzulo, ndipo kabudula wa ku Satwa, amene anayenera kutamuka, analankhula mawu amodzi aatali amene anamveka bwalo lonse. Tonino analoŵa mkati n'kuchinya ndi mwendo wamanzere, wa bondo losoka lija.

Ndinakhala pamchenga osayerekeza kudzuka, chifukwa mphepo imene ndinkaimva kumbuyo inandiuza kukula kwa ngoziyo. Amayi a mbali zonse ziŵiri anagwirana akulira ndi kuseka, malire aja atafafanizika. Chisomo, poti ndi namwino, anathamangira m'bwalo ndi chinthu choyamba chimene anachipeza, jezi yofiira yaikulu ija, n'kundimanga nayo m'chiuno ngati chitenje. Motero jeziyo inaloŵa m'bwalo ndithu, nambala seveni ili pamalo amene telala sanaganizire.

Tonino anabwera akuthamanga ngati mwana, nkhope ikuwala, n'kundidzutsa ndi kundikumbatira.

"Mulamu! Waona? Kumanzere! Moyo wanga wonse sindinapiteko kumanzere. Makochi anandikalipira, anandipempha, ndinkaopa. Koma iwe ndi mabotolo ako a mchere, tsiku lililonse, kumanja, kumanja, dziko lonse likudziwa. Ndinati lero ndiyese. Ndipo bondo silinapweteke!"

Anandipsompsona masaya onse aŵiri, mchenga ndi thukuta zomwe. Anati akaimbira bambo ake ku Italy kuwauza.

Mpira utatha tinadya limodzi monga mwa nthawi zonse, ine nditakhala mosamala. Mayi Misozi anandibweretsera mbale ndi manja awo, n'kukhala pambali panga.

"Ba kochi, nimvela mumuziŵa maningi mwamuna wanga. Mwendo wamene anachinyira, timu yamene inamugula, vonse."

"Ndimayesetsa, mayi."

"Manje munthu mumwa naye tiyi mwezi wonse, simumufunsa olo kuti ku nyumba kuli bwanji? Kwanu ku Malawi moni munaleka?"

Ndinaŵeramira m'mbale. Funso limene mwana aliyense kwathu amaphunzira asanadziŵe kumanga nsapato, lakuti kaya kunyumba, likanandipulumutsa m'golosale muja tsiku loyamba. Ndinali ndi mbiri yonse ya munthuyo kupatula mzere umodzi umene mayi aliyense wa kumudzi akanayambira.

Majezi ndinachapa. Anauma pakhonde ku Karama monga mwa lamulo, obiriwira kutsogolo, ndipo Mwenye wa makadi anandifunsa ngati ndimalandiranso makatani. Mhango ndi kochi tsopano. Anagula wezulo, ndipo amayeserera kuiimba m'chipinda. Pamene ndinkachapa anaima pakhomo la bafa n'kumandilangiza kuti m'khwapa ndizitikita kwambiri.

Komabe pali mfundo imodzi imene palibe angandilande. Mwa otchinga onse amene Tonino anakumana nawo, kuyambira m'mabwalo a fumbi a kummwera kwa Italy mpaka m'mabwalo aakulu a kumpoto, amene anadyetsedwa njomba ya kumanzere ndi mmodzi yekha, ndipo ndi Mmalawi. Ndamupempha Tonino kuti akadzalemba buku la moyo wake alembe dzina langa molondola.

Gulu landipatsa udindo watsopano wofufuza osewera, ndipo ndauyamba ndi mutu wozizira. Tonino wandiuza kuti mnzake amene ankasewera naye, wotchinga pakati, wamtali ngati chitseko, akubwera kudzacheza mwezi wamaŵa ndipo akufuna ntchito kuno. Ulendo uno funso loyamba ndinalifunsa. Sanakwatire. Ndinakatula nkhaniyi kwa a Kamwendo, amene anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kunena kuti mwambo ndi mwambo, umagwira mbali zonse. Tagwirizana kuti mlendoyo adzalandiridwe ndi chakudya chamasana cha Amalawi okhaokha, ndipo a Tembo asadziŵe tsiku lake.

Chisomo, amene ali pa mpando wolandira alendo ndipo nayenso sali pabanja, titamufotokozera anatitcha amisala, n'kunena kuti iye si munda woti timu ilimepo. Anatuluka akumenyetsa chitseko. Dzulo wandiimbira foni kufunsa ngati m'zithunzi zanga zakale za m'nyuzipepala muli cha wotchinga pakatiyo, ndipo ngati chilipo, chikhale choonetsa nkhope, osati miyendo.